Ndinayala Masamba Popanda Maliro

Masamba ndinayala, sindikukana. Ndinathyola ndekha mumtengo wa keshya wa kuseri kwa bafa, ndinanyamula ndekha, ndinayala ndekha pamsewu, ndipo kunalibe munthu amene anamwalira. Ofuna kunditcha mfiti anditche. Ananditcha kale ndipo sindinaonde.

Mwambo wake aliyense akuudziwa. Pakagwa zovuta pakhomo la m'mbali mwa msewu, anthu amayala masamba aawisi pamsewupo, kumtunda ndi kumunsi. Wa galimoto akawaona amachepetsa liwiro, amatseka wailesi. Wa njinga yakapalasa amatsika n'kumaikankha. Wa chipewa amavula. Palibe wapolisi, palibe chikwangwani, koma aliyense amamvera, chifukwa akudziwa kuti tsiku lina adzamuyalira iyenso. Ine ndinatenga mwambo umenewo n'kuugwiritsa ntchito yanga. Chifukwa chake ndi ichi.

Ndine bilidala, womanga nyumba. Ndakhala ku Chinsapo kuno kuyambira ndisanamere imvi. Msewu wodutsa pakhomo pathu unali wafumbi zaka zonsezo. Dzinja matope, chilimwe fumbi, maenje oti bakha n'kusambamo. Tinkadandaula, zoona. Koma maenje aja ankatisunga ife osadziwa. Galimoto inkayenda ngati nkhalamba ya nyamakazi, nkhuku inkawoloka osathamanga.

Kampeni itayandikira kunabwera zimagalimoto zikuluzikulu, anathira miyala, anathira tala, msewu unada bii, kusalala ngati tebulo. Tsiku lotsegulira ndinavina nawo. Ndinali wa chipani ine, osati wongoombera m'manja ayi. Mbendera zonse za m'mitengo ya kuno ndinkamanga ndine, chifukwa munthu wozolowera kukhala pamwamba pa khoma saopa mtengo. Dzina la chipanicho sindilitchula. Si mantha. Kungoti chinacho n'chimodzimodzi, ndiye kutchula chimodzi n'kuchikometsera chinzake.

Tala uja anamuthira kuchokera ngalande iyi kukafika ngalande iyo. Poyenda munthu sanasiye. Posakhalitsa a maminibasi anazindikira kuti akadzera kwathu kuno athawa mzere wa magalimoto wa ku msewu waukulu. Kenako a kabaza a njinga zamoto. Kenako malole a mchenga. Onse kuthamanga ngati akuthawa moto.

Tsono nyumba zathu zili tsidya lino. Kiosiki ya madzi ili tsidya ilo. Benchi ya tomato ya akazi anga ili tsidya ilo, pafupi ndi kiosikiyo.

Tsiku la ngozi unali m'mawa, ine ndikumanga zingwe za nsapato pakhonde. Ndinayamba kumva ndowa kulira pa tala, kenako ndi pamene ndinamva akazi anga kukuwa. Minibasi inaima pakati pa msewu kukweza munthu, wa njinga yamoto anaizungulira osaona kutsogolo, n'kuwaomba iwo ali ndi ndowa pamutu. Mwendo unathyoka pawiri. Wa njinga uja anadzuka, anaimitsa njinga yake, ulendo. Mpaka lero nkhope yake sindiidziwa.

Anakhala m'chikhakha nthawi yaitali. Atachichotsa, mwendo sunabwerere mwakale. Amaukoka. Ine ndimayeza zinthu, ndi ntchito yanga, ndiye ndinayezanso apa. Pamene ine ndimaponda kasanu ndi kawiri n'kukhala ndawoloka, iwo amaponda kakhumi ndi kasanu, ndiponso amaima pakati kupuma. Pakati pa msewu umene uja.

Ndinawauza kuti, "Mayi, khalani pakhomo. Madzi ndizitunga ndine."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Ndi tomato yemwe muzigulitsa ndinu? Mumadziwa kuunjika mulu inu? Mukagulitsa dengu lonse mtengo wa milu iwiri."

"Ndiye mukufuna akumalizeni?"

"Ndikufuna kuwoloka, bambo. Anandithyola mwendo, sanandithyole manja. Benchi ija ndi yanga."

Akazi anga akanena choncho, basi yatha. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkawawolotsa ndekha, dzanja m'mwamba ngati wa tirafiki, a maminibasi akundiimbira mahutala ndi kunditukwanira makolo. Koma ine ndimapita ku ntchito. Masana amabwerera kudzaphika, madzulo amawolokanso, ine ndili ku Area 36 kapena ku Nsungwi pamwamba pa khoma la mwini. Foni ikalira m'thumba ndinkasiya chilichonse n'kuiyankha, poopa kuti awaombanso.

Ndinaganiza kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Hampu imodzi basi yochepetsa liwiro la magalimoto, pa kiosiki paja. Ndinapita nayo ku msonkhano wa chipani wa kudera kwathu, womwe tinkachitira pakhonde la golosale ya atcheyamani. Atcheyamani amenewa ndinakula nawo, maziko a golosale imeneyo ndinakumba ndine. Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinafotokoza.

Iwo anaseka pang'ono. "Achimwene, walira mvula walira matope. Munkalira msewu, msewu ndi umenewu."

"A Tcheya, ine sindikukana msewu. Ndikupempha hampu."

"Hampu mwaimva kuti?"

"Ndaimva kuti bwanji? Hampu ndi ya kumva?"

"Ndikufunsa chifukwa nkhani ya mahampu ikuchokera uko." Analoza ndi mlomo kumunsi, komwe kunkakhala shado wa chipani china, amene ankafuna ukhansala. Shadoyo anali atanena pa msonkhano wake kuti msewu wathu ndi wopha anthu, iye akawina adzaika mahampu. "Ndiye ife tikaika hampu lero, ndiye kuti tavomera kuti iwo aja akunena zoona. Mukufuna tiwapatse mavoti ndi manja athu? Dikirani zisankho zidutse."

"Mwendo wa alamu anu udikire zisankho?"

"Musalowetsepo alamu apa. Apa ndi pa chipani."

Mayi wina wa nsalu ya chipani anakuwa kumbuyo kuti, "Agulidwa awa! Anenetu anawapatsa zingati!" Anthu anaseka. Ine ndinavala chipewa changa iwo akuyankhulabe, ndinachoka.

Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti hampu nayo ili ndi chipani.

Ndiye ndinati chabwino, poti akuti ndi ya enawo, ndipite kwa eni ake. Shado uja anandilandira bwino, mpando, fanta. Anamvetsera akugwedeza mutu. Kenako anati, "Madala, nkhani yanu ndi yamphamvu kwambiri. Ndodo zija amayi ankayendera zikadalipo? Tidzawaveke nsalu yathu, aime pamsewu paja ndi ndodozo, tijambule. Ikalowa m'mafoni imeneyo, anthu aja atha."

"Nanga hampu?"

"Hampu tikawina, madala. Panopa tikaika, anthu aiwala vuto lake."

Fanta ndinaisiya theka. Uyu sakufuna hampu chifukwa ikometsa mnzake, uyo sakufuna hampu chifukwa bala likapola asowa chojambula. Akazi anga akhale chithunzi cha munthu? Ine ayi.

Tinayesa tokha. Loweruka lina ine ndi abambo angapo a mumzere mwathu tinatuta dothi ndi zidutswa za njerwa pa wilibala, tinaunjika mzere pamsewu, tinapondaponda. Hampu yathuyo inagwira ntchito tsiku limodzi. M'mawa mwake anyamata a chipani anabwera ndi mafosholo, anakokolola zonse n'kuthira m'ngalande, akuimba nyimbo zomwe ndinkaimba nawo ine. Akuti kukubwera akuluakulu kudzachititsa msonkhano, asapeze msewu wawo uli ndi chotupa.

Pasanapite nthawi kunamwalira agogo ena nyumba yachinayi kuchokera pathu. Anayala masamba. Masiku awiri amenewo ndinaona chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Akazi anga anawoloka msewu ndowa ili pamutu, osathamanga, osacheuka, minibasi itaima phee kuwadikira, kondakitala ali chete ngati ali m'tchalitchi. Lole ya mchenga inadutsa ngati ikuyenda chonyang'ama. Titaika maliro, masamba anawasesa, ndipo madzulo omwewo mahutala anayambiranso.

Ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana mtengo wa keshya uja. Ndinati, kodi anthu awa amalemekeza wakufa kuposa wamoyo? Chabwino. Ndiwapatsa maliro.

M'mawa mwake, dzuwa likungotuluka, ndinathyola nthambi, ndinayala mzere kumtunda kwa kiosiki, mzere wina kumunsi. Akazi anga sindinawauze. Ndinakhala pa njerwa kuonerera. Minibasi yoyamba inabwera ikuuluka, inangoti yaona masamba, mabuleki, wailesi zii. Wa kabaza anachepetsa mpaka kutsitsa mapazi pansi. Ana a sukulu anawoloka akucheza. Ine mumtima ndinati, ndawapeza.

Chimene sindinachiganize ndi chimodzi. Masamba aja anali moyang'anana ndi khomo langa, ndipo dera lonse linkadziwa kuti pakhomo panga pali munthu amene wakhala akudwala.

Woyamba kufika anali Amama a nyumba yoyandikana nafe. Ndi a ku Mpoto, iwo ndi amuna awo akhala nafe zaka zambiri, ndipo ndi amene ankagona ndi akazi anga kuchipatala. Anatulukira pa kona chitenje chili m'manja, opanda nsapato, akulira mokweza. "Mnzanga ine! Mnzanga wandisiya! Adada, bwanji osandidzutsa?" Anandidutsa ine osaima, analowa m'nyumba. Kumbuyo kwawo amayi ena atatu, wina atanyamula kale nkhuni pamutu.

Anawapeza akazi anga atakhala pa mpasa, akupukuta tomato ndi kansanza.

Kulira kunaduka pakati. Kenako ndinamva mawu a akazi anga, otsika, amene ndimawaopa kuposa kukuwa. "Wamwalira ndani?"

"Inuyo," anatero Amama.

Anatuluka onse. Akazi anga anaima pakhomo, anayang'ana masamba, anayang'ana ine, anayang'ana mtengo wa keshya wothyokathyoka uja.

"Bambo, mwandiika ndili moyo?"

"Ndimafuna muziwoloka bwino."

"Ndiziwoloka kupita kuti? Kumanda? Bokosi mwagula kale kapena mukudikira ndimalize tomatoyu?"

Amama anakhala pansi pa khonde, akupukuta misozi, kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola. "Adada, mutu wanu uli bwino? Ine ndasiya phala pamoto! Ndathamanga ngati mtsikana, mawondo awa!" Mayi wa nkhuni uja sanaseke. Anatenga nkhuni zake, analavula pansi, anati awa ndi malodza, munthu woitana imfa pakhomo pake.

Masana anandiitana abulokulida, amene kuno timangowati amfumu. Ndi munthu wofatsa, anapuma ntchito ya umesenjala, sakonda phokoso. Anati, "Akulu, maliro salengeza munthu payekha, mukudziwa. Masamba sayala ndisanamve ine. Anthu akwiya. Mubweretse nkhuku, ndipo musadzachitenso."

Ndinati, "Nkhuku ndibweretsa, amfumu, chifukwa ndalakwira mwambo. Koma zoti ndisadzachitenso, sindikulonjeza. Mundipatse hampu, ndisiya lero lomwe."

Anapukusa mutu. "Hampu ili pakati pa njovu ziwiri. Ine ndine ndani?"

Nkhuku ndinapereka. M'mawa mwake ndinayalanso masamba.

Ndinayala tsiku ndi tsiku. Keshya wanga atatha ndinayamba mango, mango atatha ndinkathyola m'mbali mwa dambo pobwera ku ntchito. Akazi anga anakhala masiku osandiyankhula, chakudya ankangondiikira patebulo ngati mlendo wa ku resitihausi. Koma ankawoloka. Ndinkawaona akuwoloka pakati pa mizere iwiri ya masamba, nkhope ili gwaa, osandiyang'ana, koma akuwoloka bwinobwino. Amayi ena amene ankanditcha mfiti nawonso ankadikira ndiyale kaye ndiye atenge zigubu zawo.

Atcheyamani anabwera pakhomo okha. "Achimwene, mukuchititsa manyazi chipani. Anthu akuti msewu wathu uli ndi maliro tsiku lililonse."

"Ukhala nawo enieni mukapanda kuika hampu."

"Tikuchotsani m'chipani."

"Mbendera zanu zili m'mwamba umo muzikatsitsa nokha. Ndione amene akwere."

Mpaka apa ndinkaona ngati ndapambana. Koma a maminibasi si zitsiru. Amadutsa msewu umodzi kakhumi pa tsiku. Anayamba kufunsana kuti kodi pa kiosiki paja pamafa anthu angati, nanga bwanji sitiona tenti, sitimva nyimbo. Wina anafunsa wogulitsa chimanga chootcha, anamuuza. Nkhani inafika ku siteji. Anayamba kuponda masamba anga osachepetsa n'komwe, kondakitala atatulutsa mutu pa windo: "Madala a maliro a feki! Lero wafa ndani, mphaka?" Patapita masabata angapo masamba anga sankaimitsanso olo njinga yakapalasa.

Kenako amuna awo a Amama anamwalira. Anadwala masiku ochepa, shuga. Munthu wabwino, telala, sanakanganepo ndi munthu. Amfumu analamula, anyamata anayala masamba, enieni tsopano. Thupi linkayenera kupita kwawo ku Mpoto, ndiye tinkadikira abale ndi galimoto masiku awiri. Pakhomo pawo ndi pothina, abambo tinakhala pa mabenchi m'mphepete mwa msewu, amayi akuphika cha kumpanda. Matenti anabwera awiri, ina ya atcheyamani, ina ya shado, poti nthawi ya kampeni maliro sasowa tenti.

Cha m'ma teni m'mawa, amayi a kutchalitchi akuimba m'nyumba, kunatulukira minibasi kumtunda. Wailesi mpaka kumapeto. Sinachepetse. Inaponda masamba, kondakitala akumenya chitseko: "Za feki izo, tiye nazo!" Dalaivala anaona anthu mochedwa, anakhotetsa, anawomba benchi ya kumapeto. Abambo awiri anagwera m'ngalande, mkulu wa mpingo anang'ambika chipumi. Akazi anga anali pakati pa msewu ndi chigubu cha madzi a pamaliro. Minibasi inawadutsa pafupi moti chitenje chinachita kuuluka. Anangoima pomwepo, chigubu chili m'manja, osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Minibasi sinaime.

Nyimbo m'nyumba inaleka. Anthu onse anatembenuka, osati kuyang'ana kumene yalowera minibasi, koma kuyang'ana ine.

Apa sindinamizira munthu. Atcheyamani sanayale masamba abodza. Shado sanayale. Ndinayala ndine. Ndinatenga chinthu chimodzi chimene chinkagwirabe ntchito pamsewu uja n'kuchipha. Bambo amene sanandilakwirepo anagona m'nyumba mwake, wailesi ya minibasi ikumuimbira nyimbo za m'bala, chifukwa cha ine. Chimenecho ndidzapita nacho kumanda.

Ndinakawatenga akazi anga pamsewu, ndinawakhazika pansi. Kenako mayi wina anabwera kudzandinong'oneza kuti anamfedwa akundiitana. Ndinavula nsapato pakhomo, ndinalowa chokwawa pakati pa amayi, ndinagwada. Amama anali atakhala pafupi ndi bokosi, mpango wakuda kumutu, mawu atasasa.

"Adada, mwaona?"

"Ndaona, Amama. Ndalakwa ine. Chilichonse munganene ndilandira."

"Kulakwa mwalakwa. Koma kupepesa kwanu ndikuphike? Mvetserani. Kuchipinda uko kuli matumba a simenti. Anzanuwa anagula kuti mudzatimangire khonde, azidzakhalapo ndi makina awo. Sakhalapo tsopano. Katengeni. Hampu ija muimange lero, iwo akadali m'nyumba muno."

"Lero, pamaliro?"

"Nanga liti? Tikanyamuka ife, anyamata aja abwera ndi mafosholo awo. Koma thupi lili pano, ndione amene agwire fosholo."

Anaitanitsa amfumu, anawauza chimodzimodzi, n'kuwonjeza kuti, "A zipani aja auzeni. Pamwambo mawa sayankhula aliyense amene sananyamule mchenga. Akakana, achotse matenti awo, tikhala padzuwa."

Amfumu anatuluka, anaima pakati pa matenti awiri aja, ananena mawu a anamfedwa monga anawamvera, osachotsa osawonjeza. Atcheyamani anaimirira. "Amfumu, zimenezi zili ndi njira yake. Msewu ndi wa boma, pamafunika chilolezo."

Mkulu wa mpingo uja, nsalu ili pachipumi, magazi akudontha pa kolala, anati, "Chilolezo chondigwetsera m'ngalande anakatenga kuti?"

Ine sindinadikire. Ndinapita kunyumba, ndinatenga mpeni wanga womangira, levulo, chingwe ndi piki. Mchenga tinatenga pa mulu wa munthu wina amene ankamanga mpanda, mwini wake anachita kutipatsa wilibala. Miyala anabweretsa amayi oswa miyala a kumunsi, m'mabeseni pamutu. Madzi anachokera pa kiosiki pomwepo, wogulitsa anangotsegula mpopi osawerenga zigubu.

Ndinayamba theka la msewu, kuti magalimoto azidutsa theka linalo. Ndinatema tala ndi piki kuti konkire igwire pansi, chifukwa ukangoika pamwamba imasweka ngati chigumu. Sindinamange chiphiri chothyola magalimoto ayi. Ndinaimanga yotambalala, yokwera pang'onopang'ono, pamwamba pake pafulati poti munthu wokoka mwendo n'kuyendapo. Ndinayeza ndi mapazi a akazi anga.

Shado ataona kuti anthu onse ali pamsewu, anavula jekete, anagwira wilibala, mnyamata wake akumujambula. Atcheyamani ataona shado wagwira wilibala, anathamangira fosholo. Amuna awiri amene anandikaniza hampu, wina akuthira mchenga, wina akukankha, osayang'anana. Bambo wina anati, "Pepani a Tcheya, fosholo imagwiridwa uku, uko n'kodyera." Anthu anaseka chamumtima, poti panali pamaliro.

Konkire yaiwisi imafuna kufundika kuti isaume msanga ndi dzuwa n'kung'aluka. Pa ntchito timafunditsa mapepala a simenti kapena udzu, n'kumathira madzi. Apa udzu kunalibe. Ndinatuma anthu kukathyola masamba. Tinafunditsa theka lomangidwalo masamba aawisi, mulu waukulu, tinaika ndi mabenchi uku ndi uku. A maminibasi amene ankabwera akuti za feki ankapeza masamba ofika m'mawondo, kumbuyo kwake abambo osawerengeka ataima ndi mafosholo, nyimbo ya maliro ikumveka m'nyumba. Wailesi ankatseka okha. Tsiku lachiwiri m'mawa tinamanga theka linalo, magalimoto n'kumabwerera kukadzera ku msewu waukulu.

Galimoto ya maliro inanyamuka madzulo a tsiku lachiwirilo. Inadutsa theka loyamba lija, louma. Galimoto yoyamba kukwera hampu yathu inali yonyamula mwini simenti. Inakwera pang'onopang'ono, inatsika pang'onopang'ono, Amama ali kumbuyo pafupi ndi bokosi. Sanandiyang'ane. Sindinayembekezere kuti andiyang'ane.

Masamba a theka lachiwiri tinawasiya masiku ena angapo, ndipo amfumu anati maliro sanathe mpaka anamfedwa abwerere, aliyense wochotsa tsamba akaonane nawo. Pamene anyamata a chipani ankabwera ndi mapiki awo, konkire inali itagwira. Mmodzi anamenya kawiri, piki inadumpha, anagwira dzanja. Ine ndinali pakhonde. Ndinati, "Menya bwino mphwanga, ndinathira simenti ya khonde lonse pamenepo." Amayi a pa kiosiki anayamba kuwazungulira ndi zigubu. Ananyamula mapiki awo.

M'chipani anandichotsa. Anachita kutumiza munthu kudzandiuza, ngati ndinali ndikufunsa. Pa misonkhano yawo atcheyamani anayamba kunena kuti hampu ija ndi chitukuko cha chipani chawo, iwo anagwira fosholo anthu akuona. Shado naye chithunzi chake cha wilibala chinazungulira m'mafoni. Atenge. Ine sindinkafuna dzina, ndinkafuna mapazi khumi ndi asanu aja akwane.

Kunabweranso anthu ena a mafayilo m'manja, anayeza hampu ndi tepi, anati ndi yosavomerezeka, tsiku lina adzaiphwanya. Ndinawafunsa ngati adzaike yawo yovomerezekayo tsiku lomwelo. Anati zimenezo ndi za ofesi ina. Ndinati chabwino, mukadzaphwanya m'mawa, madzulo mudzapeza ina. Piki ndili nayo, levulo ndili nayo, ndipo mumzere mwathu muno mulibe nyumba imene ingandimane fosholo ya mchenga. Mukafuna kundimanga, pakhomo ndi pano, moyang'anana ndi kiosiki, simusochera.

Masamba sindinayalenso, ndipo sindidzayalanso pokhapokha amfumu atalamula. Pali madalaivala ena mpaka lero akaona masamba kuno amayamba akayika, amasuzumira kaye ngati pali tenti. Chimenecho ndinawononga ndine, ndipo pakagwa zovuta m'dera lino ndimapita ndekha kukaima pamsewu chipewa chili m'manja, kuti aone kuti ndi zenizeni. Amama atabwerako ku Mpoto ndinawamangira khonde lija. Simenti ndinapeza ndekha. Amakhalapo madzulo, makina osokera ali pambali atafundika nsalu.

Akazi anga sanaiwale. Tikangosemphana pang'ono amati, "Pitani mukathyole masamba, mwazolowera kundiika." Koma m'mawa uliwonse amatenga dengu lawo la tomato, amakwera pa hampu paja, amayenda pamwamba pake pafulatipo, akukoka mwendo wawo, minibasi itaima uku, lole itaima uko. Pakati amaima kupuma monga mwa nthawi zonse. Wina akaimba hutala amamuyang'ana, n'kukonza nkhata pamutu bwinobwino, ndiye n'kumapitiriza.